Nsanza ya pa Mwendo wa Bestone

Pa Boma la Mzimba panalibe munthu wofunitsitsa kuti Kalebe Chipeta anyongedwe kuposa Felesta Kaphaizi, namwino wa pachipatala. Koma musafulumire kumuweruza, inu. Mwamuna wake, Konsitabulo Bestone Kaphaizi, anachoka pakhomo m'mawa wina mu Ogasiti wa 1976 atavala yunifolomu yomwe Felestayo anaisita ndi manja ake. Anabwerako dzuwa likupendeka ali kumbuyo kwa Landirova, atafunditsidwa bulangete mpaka kumutu.

Nkhani yake inali ya ng'ombe. Akuba anatsegula khola ku Edingeni n'kukusa ng'ombe zisanu ndi imodzi, ndipo patapita masiku kunamveka kuti zaoneka zikulowa m'nkhalango ya paini ku Luwawa. Wapolisi mnzake woyenda ndi Bestone anali gone ndi malungo. Wina akanadikira kuti mnzakeyo achire, koma Bestone sanali munthu wodikira. Anaponya njinga yake pa lole ya matabwa, n'kupita yekha.

Anthu ogwira ntchito m'nkhalango ndiwo anamupeza m'njira yotchinga moto, atatemedwa pantchafu, atatsirizika kale. Akali chiimire pomwepo, manja ali m'mutu, anangoona munthu akutsika phiri chothamanga. Anali Kalebe, wodula mitengo, malaya atang'ambika, magazi mpaka m'zigongono, nkhwangwa ili m'manja. Nanga inu mukanaganiza chiyani? Apolisi atafika sanachedwe naye, anamuveka unyolo pomwepo.

Iye ankangonena chimodzimodzi, kuti anamupeza wapolisiyo ali moyo, anamumanga bala, n'kuthamangira kunsanja yoonera moto kuti akaimbe lamya, koma kunsanjako sanapezeko munthu. Ndani akanamva zimenezo? Pa Boma ponse, kumsika, kuchigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi, mawu anali amodzi: wopha wapolisi ali pa ntchito yake, chake ndi chingwe basi. Anthu ankati ena opha anzawo pamowa mwina amachitiridwa chifundo n'kungokhala m'ndende moyo wonse, koma uyu asayembekezere zimenezo. Felesta ankamva mawuwo, mtima wake n'kuziziririkako pang'ono.

Maliro anakaikidwa kwawo ku Dedza. Abale atagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, Felesta anabwerera ku Mzimba, ngakhale amayi ake anamupempha kuti akhale kumudzi.

"Ndikufuna ndikamve ndi makutu angawa akumuuza kuti akanyongedwa," anatero. "Ndikatero ndidzagona tulo."

Akuluakulu a polisi anamulola kukhalabe m'nyumba ya kulayini mpaka mlandu utatha. Ndipo sabata yomwe anabwererayo, ali pakhonde kutsuka mbale, kunafika mayi wina wowonda, mwana ali kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanayandikire. Anagwada kutali, kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mtengo wa pichesi.

"Ndapota, mama, mundimveko," anatero mayiyo m'Chichewa cholemera ndi Chitumbuka. "Ine ndine Emmie, mkazi wa Kalebe. Ndili ndi mawu."

Ha! Felesta sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Madzi otsukira mbale aja anawakhuthulira komweko, ndipo ena anamuwaza mwana kumsana.

"Mawu? Mwamuna wako wandisandutsa wamasiye, iwe ukubwera ndi mawu? Choka! Usadzapondenso pano!"

Emmie anadzuka n'kumapita. Koma anabweranso patatha sabata, n'kugwada pamalo omwewo. Felesta anangolowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Ulendo wachitatu sanafike n'komwe pabwalo, chifukwa akazi a apolisi anamuthamangitsa akali kumpanda, akumukuwiza mpaka kumsewu.

Tsono pali kanthu kena komwe palibe aliyense pa Boma ankakadziwa. Tsiku lija Landirova itafika pachipatala, Felesta anali kuchipinda cha amayi oyembekezera, kumene ankagwira ntchito zaka zonsezo. Atamva dzina la mwamuna wake anathamanga, n'kukankha anzake omwe ankafuna kumugwira. Pantchafu ya Bestone panali nsanza yomangidwa mwamphamvu, yolimbitsidwa ndi kamtengo. Manja a namwino amagwira ntchito okha ngakhale mutu utaima. Anatulutsa sizasi m'thumba, n'kudula nsanzayo pambali pa mfundo, n'kuona kuti palibenso choti achite. Nsanzayo inalowa m'thumba limodzi ndi sizasi. Atafika kunyumba anaiika m'kachitini ka mabisiketi, pansi pa sutikesi. Inali ndi magazi a mwamuna wake, magazi omaliza, ndipo masiku ena mtima ukamuwawa kwambiri ankatsegula kachitiniko n'kumangoyang'ana. Munkatuluka kafungo ka paini, ndipo iye ankati ndi fungo la malo amene Bestone anafera.

Atayambiranso ntchito, mkulu wa anamwino anaona kuti si bwino mayi wolira azilandira ana a anzake tsiku ndi tsiku. Anamusamutsira kuchipinda chomangira mabala. Kumeneko ndi kumene nkhaniyi inamupezera, Lolemba lina mu Novembala, kutatsala masiku atatu kuti oweruza afike pa Boma kudzazenga mlandu wa Kalebe Lachinayi.

M'mawa umenewo lole ya ku Luwawa inatsitsa munthu wovulala. Nkhwangwa inaterereka pamtengo wonyowa n'kumutema pansi pa bondo. Anamunyamula ndi bambo wina wachikulire wa imvi, dzina lake Nowa, kapitawo wa odula mitengo. Felesta atavundukula mwendowo anakwiya, pakuti anali namwino waukhondo, wosafuna zachibwana pabala.

"Ndani wapaka zomatamatazi? Mukuona ngati mwendo wa munthu ndi bwato lobooka? Tsopano ndichotse ndi chiyani, palafini?"

"Pepani, Sisita," anatero Nowa, chipewa chili m'manja. "Ndi utomoni wa paini. Ndi mmene timachitira kunkhalango. Utomoni pabala, nsanza pamwamba, kamtengo kopotokola, mbwenu magazi amayamba aima mpaka tifike kwa inu odziwa."

Felesta anali atatenga kale sizasi. Anadula pambali pa mfundo monga mwa chizolowezi chake, ndipo utomoni unamumata zala. Anazinunkhiza. Kenaka anayang'ana mfundo ija, ndi kamtengo kaja, n'kuyang'ananso Nowa. Malaya a mkuluyo anali ong'ambika m'munsi kuzungulira, mimba ili pamtunda. Malaya a wovulalayo anali athunthu.

"Bambo, bwanji mwang'amba malaya anu? Uyu alibe ake?"

Nowa anaseka pang'ono, ngati wafunsidwa za mwana.

"Ayi, mama, a wovulala sitikhudza. Munthu akataya magazi amamva kuzizira, ndipo mphepo ya ku Viphya mukuidziwa, si yamasewera. Umang'amba ako. Ndiponso bwana akafika safunsa kuti wamuthandiza ndani, amangoyang'ana malaya. Wong'ambika malaya ndiye mwini wodwala, sangamusiye mpaka amufikitse kuchipatala. N'chifukwa chake ine ndili pano."

Mayo ine! Felesta anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anamaliza kutsuka bala lija bwinobwino, pakuti ntchito sankaisiya pakati, koma mawu ake atatulukanso anali aang'ono.

"Nanga munthu wothamangira thandizo, angatenge nkhwangwa chifukwa chiyani?"

"Nkhwangwa zathu zili ndi nambala, mama. Wodula mitengo sasiya nkhwangwa pansi ngakhale akuthawa moto. Timagona nazo kumutu."

"Kalebe Chipeta mukumudziwa?"

Kuseka konse kunathera pomwepo. Nowa anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana pawindo. Masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana kukhomo asanayankhe funso lililonse, ndipo kuikira kumbuyo wopha wapolisi kunali kudziitanira mafunso ena osayankhika.

"Ife sitikudziwa kanthu, mama," anatero motsitsa mawu. "Tili ndi ana."

Nthawi ya nkhomaliro Felesta sanadye. Anapita kunyumba, n'kutseka chitseko, n'kukoka sutikesi. Nsanza ija anali ataiyang'ana kambirimbiri, koma tsiku limenelo m'pamene anaiona. Pansi pa magazi ouma nsaluyo inali ya mizeremizere yobiriwira. Bestone analibe chovala chotero. Yunifolomu yake inali ya kaki, vesiti yake yoyera, ndipo zonse zinabwera zathunthu, anazichapa yekha. M'mphepete mwa nsanzayo munali mpendero wosokedwa pamanja ndi ulusi wofiira, kusoka kwa mkazi wosamala amene ulusi wa mtundu woyenera unamuthera. Utomoni unali gwa pa mfundo, kamtengo kali pomwepo.

Mukuganiza kuti anakondwa? Ayi ndithu, anakwiya koopsa, ndipo anakwiyira nsanzayo. Miyezi itatu anali ndi munthu woti azimuda, munthu wa dzina ndi nkhope, ndipo chidani chimenecho ndicho chinkamudzutsa m'mawa n'kumuyendetsa mpaka kuntchito. Tsopano kansanza aka kakuti chiyani? Kakuti amene anapha Bestone ali kwinakwake akudya nyama ya ng'ombe za ku Edingeni, ndipo palibe adzamupeze. Pakhonde mbaula inali ikadali ndi makala ofiira. Palibe ankadziwa za kachitiniko. Anaima pamenepo nthawi yaitali, nsanza ili m'manja, kutentha kwa makala kukumufika m'mawondo. Kenaka anaibwezera m'chitini, n'kutseka, n'kubwerera kuntchito, maso ali psuu.

Lachiwiri anapita kwa Sajeni Pearson Mkwapatira. Ameneyu anali mnzake wa Bestone wa ponda apa nane mpondepo, wa ku Dedza komweko, ndipo ndiye ananyamula bokosi kutsogolo tsiku la maliro. Ndiyenso anafufuza mlanduwo. Anamvetsera zonse akuzunguza pensulo patebulo.

"Mlamu," anatero pomaliza, "za nsanzazo munthuyo anatiuza. Tinapita kuchipatala kukafunsa, anati zonse zochotsedwa pamabala zimatenthedwa tsiku lomwelo. Tinati wangopeka."

"Bwanji simunandifunse ine?"

"Tifunse inu? Namfedwa, muli pamphasa? Tikanayamba bwanji, mlamu? Tinati tisakuvutitseni."

Ndi zoona, sanamufunse chifukwa cha ulemu. Ulemu womwewo unatsala pang'ono kunyongetsa munthu. Sajeni anadzuka, n'kukatseka chitseko cha ofesi.

"Tamverani. Mlandu uwu akuluakulu akuudikira, ndipo akufuna anthu aone kuti wapolisi saphedwa ngati nkhuku. Inu mukaimirira Lachinayi n'kuikira kumbuyo munthu ameneyu, adzafunsa kuti wakutumani ndani. Muli ndi ntchito ya boma, mukukhala m'nyumba ya boma. Nanga apongozi anu ku Dedza mudzawauza chiyani? Ndipo ineyo, mlamu, ine ndinamulonjeza Bestone pamanda paja kuti amene anachita izi adzalipa." Anakhalanso pampando. "Uyu akamasulidwa, ndiye kuti mnzanga wangofa basi."

"Alamu," anatero Felesta, "ine ndakhala ndikupemphera kuti munthu ameneyu anyongedwe. M'tchalitchi, nditagwada, ndikupempha chingwe. Tsopano ndadziwa kuti ndi iye yekha amene anagwira mwamuna wanga akufa. Mukufuna ndidzakhale bwanji tsiku limene adzamupachike?"

Felesta anatenga kachitini kake n'kutuluka, osakasiya pamenepo. Sikuti ankamukayikira Pearson, koma anali atagwira ntchito ya boma zaka zokwanira kudziwa kuti zinthu zazing'ono zimasowa m'maofesi.

Lachinayi bwalo la milandu linadzaza mpaka m'mawindo. Apolisi anakhala mbali imodzi atavala yunifolomu, akazi awo kumbuyo kwawo. Anthu a ku Luwawa anaunjikana pafupi ndi khomo, mitu ili pansi. Oweruza anali atatu, wapampando ali mkulu wa magalasi wolankhula pang'onopang'ono. Loya panalibe, pakuti m'mabwalo otero munthu ankadziyankhira yekha. Kalebe anali atawonda mpaka makutu kuoneka aakulu. Patebulo panali nkhwangwa yake, ndi malaya ake a mizeremizere yobiriwira. Felesta atangowaona malayawo anaphimba nkhope ndi manja, ndipo mayi wina woyandikana naye anamugwira paphewa, akuganiza kuti ndi chisoni chabe.

Umboni unayenda monga aliyense ankayembekezera. Malaya ong'ambikawo anawanyamula m'mwamba kuti anthu aone mmene malemu analimbanirana ndi womupha. Kalebe ananenanso zake zija, za bala, za nsanja, za anthu atatu okusa ng'ombe omwe wapolisiyo anamuuza, ndipo wina kumbuyo anatsonya mokweza. Kenaka wapampando anavula magalasi n'kufunsa ngati mkazi wa malemu ali ndi mawu oti bwalo limve lisanagamule.

Anthu anakhazikika bwino m'mipando. Ankadziwa chimene mayi wamasiye anene, ndipo ena anali atakonzeka kale kulira naye. Felesta anayenda mpaka kutsogolo atavala yunifolomu yake yoyera ndi duku wakuda, n'kuika kachitini ka mabisiketi pambali pa nkhwangwa. Chivindikiro chinayamba chakana. Kenaka chinatseguka.

"Bwana, ine ndine namwino. Nsanza iyi ndinaidula ndekha pantchafu ya mwamuna wanga tsiku limene anabwera naye. Ndinaibisa chifukwa inali ndi magazi ake, sindinadziwe kuti ndikubisa umboni. Si ya chovala chake. Yapakidwa utomoni, yamangidwa ndi kamtengo, mmene anthu a kunkhalango amamangira mnzawo akavulala. Munthu amene akufuna kuti ufe sakumanga bala. Ndikupempha muiyeze ndi malaya awo."

M'bwalomo munayamba manong'onong'o, ndipo mkazi wina wa wapolisi ananena momveka kuti, "Wapenga ameneyu, chisoni chamuzunguza mutu." Wapampando anamenya patebulo. Anayang'ana Sajeni Pearson n'kumuuza kuti ayale malayawo.

Apa ndiyenera kumunenera zabwino Pearson, chifukwa akanatha kuyala mokhotakhota n'kunena kuti sizikuoneka bwino. Sanatero. Anayala malayawo mosamala, n'kuwongola m'munsi mwake ndi chikhatho. Anatenga mbali ziwiri za nsanza zotuluka pa mfundo, n'kuziika pamene panang'ambika. Mizere inakumana ndi mizere inzake. Pambali, pamene kung'ambako kunathera, panali patatsala kachidutswa ka mpendero, ndipo ulusi wofiira wa pansanza unapitirira pa ulusi wofiira wa pamalaya, msoko womwewo, dzanja lomwelo. Sajeni anaima njo, n'kuyang'ana khoma.

"Zikugwirizana, bwana," anatero, misozi ikutsika osaipukuta.

Ndiye kumbuyo kuja kunamveka benchi ikukhuluka. Nowa, yemwe uja wa ana, anali ataimirira. Anati ngati bwalo lilola, iye angafotokoze mmene amamangira mabala kunkhalango, ndi chifukwa chake munthu amang'amba malaya ake. Ataimirira iye, anaimiriranso wina, kenaka wina, mpaka odula mitengo onse anali chilili. Anthu amenewa anadziwa zonsezi kuyambira mu Ogasiti, koma panafunika mayi mmodzi wa duku wakuda kuti miyendo yawo ikumbuke kuimirira.

Oweruza sanagamule tsiku limenelo. Anakambirana, anaitananso mboni, anatumiza makalata kumene makalata amapita, ndipo patatha milungu itatu Kalebe anatuluka. Felesta atapita kukapempha nsanza yake, kalaliki anamuuza mwaulemu kuti tsopano ndi katundu wa bwalo, yapita limodzi ndi malaya ndi mapepala a mlandu. Anamubwezera kachitini kokha.

Zina zimene Pearson ananena zinachitikadi. Anthu awiri osavala yunifolomu anabwera kuchipatala kudzamufunsa mafunso kwa maola awiri, ndipo iye anawayankha zomwezo zimene ananena m'bwalo, mpaka anatopa okha. Akazi a kulayini analeka kumupatsa moni pampopi. Kuchokera ku Dedza kunabwera kalata ya apongozi ake yamizere inayi, yomwe anaiwerenga kamodzi kokha. Anauzidwanso kuti mlandu watha, nyumba ikufunika pofika kumapeto kwa mwezi. Akuba ng'ombe aja sanapezeke, ndipo tulo tija ankati adzagona sitinabwere.

Loweruka lina m'mawa, akulongedza mbale m'katoni, anamva "odi" wapansipansi. Kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mtengo wa pichesi, panali Emmie atagwada pamalo ake aja, ndipo pambali pake Kalebe atanjuta, atavala jekete lobwereka popanda malaya m'kati. Felesta anachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Anatulutsa mipando iwiri yomwe inali isanamangidwe, n'kuwaitana kuti afike pakhonde. Anachita kuwaitana katatu.

"Tabwera kudzathokoza, mama," anatero Kalebe. "Yewo chomene. Ine mawu ndilibe."

"Musandithokoze, bambo. Ndikanatsegula maso msanga simukanagona m'chitolokosi miyezi yonseyi." Anapotokola nsonga ya chitenje. Funso limene linkamudya analisunga kuyambira tsiku la mlandu. "Ndiuzeni chinthu chimodzi. Mwamuna wanga analankhula? Anavutika kwambiri?"

"Analankhula, mama. Mutu wake unali bwinobwino. Anandiuza za anthu atatu aja, zimene ndinanena kubwalo. Koma pali mawu ena amene sindinanene kumeneko, chifukwa sanali a bwalo, anali anu." Kalebe anatsitsa mawu. "Nditamaliza kumanga, ndikuti ndithamange, anandigwira dzanja. Anandiyang'ana malaya, anandiyang'ana manja, n'kuti, 'Achimwene, ine ndine wapolisi, ndikudziwa mmene izi zionekere. Ndikafa, anzanga adzati ndiwe. Zikakuvuta utumize mawu kwa mkazi wanga, ndi namwino pa Boma. Umuuze ayang'ane mfundoyi. Ameneyo akaona chinthu sanama, ngakhale chimuwawe.' Anatero, mama. Ndiye anati thamanga."

Munthu akutha magazi m'nkhalango, ali yekha ndi mlendo, n'kumaganiza za khosi la mlendoyo! Ameneyo ndiye anali Bestone, wosadikira, wosamva, wokwera lole yekha, ndipo anamudziwa mkazi wake kuposa mmene mkaziyo ankadzidziwira.

"Nanga bwanji simunatumize mawuwo?" anafunsa Felesta, ndipo funsolo lisanathe anali atadziwa kale yankho lake.

Kalebe anayang'ana mkazi wake. Emmie anayang'ana pansi, akukonza mwana pamiyendo.

"Ndinabwera, mama," anatero mofatsa, mopanda kudandaula. "Katatu."

Pamenepo Felesta analira kulira kumene sanalire ngakhale ku Dedza. Anatsika pampando n'kugwada pasimenti patsogolo pa Emmie, namwino wa boma kugwadira mkazi wa wodula mitengo, akazi a kulayini akusuzumira m'mipanda. Emmie anachita mantha, n'kumukoka mikono kuti adzuke, akungoti, "Yayi, mama, yayi," mpaka onse awiri anakhala pansi akulira, mwana naye n'kuyambapo.

Atatonthola, Felesta analowa m'nyumba n'kutsegula sutikesi. Tsiku logawana zovala ku Dedza, abale anamusiyira chovala chimodzi chokha, malaya oyera amene Bestone ankavala popita ku Misa. Kwathu zovala za malemu sizipita kwa mlendo, zimapita kwa mbale. Anawatulutsa ali opindidwa bwino, mizere ya simbi ikuonekabe, n'kuwaika m'manja mwa Kalebe.

"Anu aja anatsala kubwalo," anatero. "Valani awa, achimwene."

Kalebe anakana, anakananso, koma Felesta sanabweze manja. Pomaliza anavula jekete lija n'kuvala malayawo pakhonde pomwepo. Anali aakulu m'mapewa, ndipo manja ake anapitirira mpaka kuphimba zikhatho. Emmie anapukuta maso ndi chitenje, n'kugwira nsaluyo paphewa la mwamuna wake, akuyeza ndi zala. Anati awabweza pang'ono akafika kunyumba, koma ulusi umene ali nawo ndi wofiira wokha.

"Sokani ndi womwewo," anatero Felesta.